Mfuti ya chifefe ya malemu a ku Rosettenville: mmene tinalondolera kumene inachokera

Ndimagwira ntchito m'sitolo yogulitsa ndi kukonza mfuti kuno ku Johannesburg. Ndine ndimasunga kaundula wa mfuti zolowa ndi zotuluka, ndipo maloya akakhala ndi chuma cha masiye chomwe muli mfuti, amandiitana kuti ndikaione, ndinene mtundu wake, mmene ilili, komanso mtengo womwe ingapite. Nkhani iyi ndailemba banja litavomera. Mayina a anthu ndi manambala a mfutiyo ndawasiya dala.

Malemu anali bambo a ku Mulanje amene anakhalitsa kuno, aja kwathu timati matchona. Sanabwere pa Wenela ngati anzawo a m'migodi. Anabwera ndi banja la azungu lomwe ankaligwirira ukhukhi pa esiteti ya tiyi, nthawi yomwe azungu ambiri ankasamuka chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitatha mu 1963. Anasiya nyumba ku Rosettenville, ana awiri, ndi mfuti ya chifefe ya mipope iwiri yokhomeredwa m'kabati yachitsulo. Mwana wamkulu ndi bambo wa ku Limbe, wa kwa mayi oyamba, ndipo anabwera pa pasipoti kudzaika maliro. Wamng'ono ndi mayi wobadwira konkuno, nzika ya South Africa, ndipo ndiye analandira kalata yoyendetsera chuma kuchokera ku ofesi ya Master of the High Court.

Zomwe banja linkadziwa zinali zitatu: kuti mfutiyo ndi ya Holland & Holland ya ku London, kuti inali ya bwanamkubwa wa ku Zomba, komanso kuti inaphapo mkango. Achimwene a ku Limbe ankafuna kuinyamula pobwerera. Achemwali awo ankafuna kudziwa kaye kuti chinthuchi n'chiyani kwenikweni.

Za lamulo zinayamba ndizo

Malemu anali ndi laisensi yobiriwira, ija yakale ya lamulo la mu 1969. Lamulo lomwe likugwira ntchito pano ndi Firearms Control Act la mu 2000, lomwe linayamba pa 1 July 2004, koma khothi la ku Pretoria linalamula mu 2009 kuti malaisensi obiriwira apitirire kugwira ntchito. Choncho malemu analibe mlandu. Vuto n'lakuti laisensi ndi ya munthu, si ya banja. Mwini wake akamwalira, mwana sangangotenga mfuti n'kuika kuseri kwa chitseko. Kupezeka nayo popanda laisensi ndi mlandu wofika zaka 15 kundende. Mnansi wina anawauza kuti mfuti zakale kwambiri sizifuna mapepala. Koma zosafuna laisensi ndi gogodera, zija zothirira onga kukamwa. Mfuti yothyola pakati n'kulowetsa zipolopolo kumbuyo imafuna laisensi ngakhale ikalambe bwanji.

Tinadutsira kwa wapolisi woona za mfuti pa siteshoni ya m'deralo, mfuti inabwera kudzasungidwa kusitolo kwathu m'dzina la chuma cha masiye, ndipo apolisi anatsimikiza kuti palibe amene anadandaulapo kuti inabedwa.

Pomwepo panabuka chinthu chomwe chinawaopsa ana. Nambala ya pa laisensi inali yosiyana ndi yomwe imaoneka pa kachitsulo ka kuseri kwa zokhethemulira. Ndinawapempha kuti adekhe mpaka ndimasule mfutiyo.

Zomwe chitsulo chinanena

Ndinachotsa kathabwa ka pansi pa mipope, ndinathyola mfuti, n'kusolola mipope. Nambala ya pa laisensi inali pomwepo, yodinda pansi pa mipope pafupi ndi kangowe kogwira kathabwako. Mfutiyi ili ndi manambala awiri, ya amene anaipanga ndi ya sitolo yomwe inaigulitsa. Zimachitika kawirikawiri pa mfuti za ku Birmingham, ndipo pambuyo pake manambala awiriwa ndi amene anatithandiza kwambiri.

Ku Britain mfuti sigulitsidwa isanayesedwe. Nyumba zoyesera zilipo ziwiri, ya ku London, ya bungwe la amisiri a mfuti la mu 1637, ndi ya ku Birmingham yomwe inatsegulidwa mu 1813. Amaomba mfutiyo ndi onga woposa muyezo, ndipo ikapirira amadinda zizindikiro pamalo afulati a pansi pa mipope. Malamulo a zidindozi ankasinthidwa, mu 1875, 1887, 1896, 1904, 1925 ndi 1954, moti wozidziwa amaziwerenga ngati mmene akuluakulu akale ankadziwira kwawo kwa munthu poona mphini za kumaso.

Choyamba chomwe ndimafufuza pa mfuti iliyonse yolembedwa "London" ndi kachidindo kozungulira ka zilembo E, L ndi G. Ndi ka ku Liège, ku Belgium, komwe kunkachokera mfuti zambiri zotsika mtengo zolembedwa mayina ofanana ndi a amisiri otchuka a ku England. Pa iyi panalibe.

Panali chisoti chachifumu pamwamba pa BP, china pamwamba pa BV, china pamwamba pa NP. Izi ndi za ku Birmingham kuyambira mu 1904, chifukwa kumbuyoko ankadinda ndodo zachifumu ziwiri zopingasana. Panali 12 pamwamba pa C m'kachizindikiro ka ngodya zinayi, kusonyeza kukula kwa chipinda cha chipolopolo. Kutalika kwa chipindacho sikunalembedwe, pomwe malamulo a mu 1925 anayamba kufuna kuti kuzilembedwa. Panalibenso timalupanga tiwiri topingasana tokhala ndi chilembo cha chaka, tomwe Birmingham inayamba kudinda mu 1921. Ndinalemba kuti mfutiyi inayesedwa pakati pa 1904 ndi 1921.

Kenako panali mawu akuti R.CHOKE. Apa ndinaimika kaye ntchito, ndinatenga tochi, n'kusuzumira kukamwa kwa mipope. Mkati monse ndi mosalala ngati chifefe china chilichonse, koma mainchesi awiri omaliza ali ndi mizere yopota, yosaya, yooneka bwino m'mipope yonse iwiri. Pamwamba, pa chitsulo cha pakati pa mipope, pali timasamba tiwiri topinda tochalira, tolembedwa 50 ndi 100. Chifefe wamba sichikhala nato.

Nzeru imeneyi anaitulukira msilikali wina, George Fosbery, mu 1885, ndipo Holland & Holland inayamba kugulitsa mfuti zotere mu 1886 pa dzina lakuti Paradox. Cholinga chinali choti munthu wa kutchire anyamule mfuti imodzi. Akaona nkhanga kapena nkhwali aombe machaka omwazika, ndipo akakumana ndi nguluwe alowetse chipolopolo chimodzi chachikulu cha mtovu, chomwe mizere ija imachizunguza kuti chiyende molunjika mpaka mayadi 100. Umwini wa nzeruyo utatha mu 1899, ena anayamba kupanga zawo. Westley Richards inatcha yake Explora, Cogswell & Harrison inati Cosmos, ndipo sitolo ya Army & Navy inati Jungle.

Nditapukuta dothi la pa chitsulo cha pakati chija ndi kansalu ka mafuta, zilembo zinatuluka: Army & Navy C.S.L., London. Makina ake ndi aja opanda atambala (tizitsulo tomenyera chipolopolo) kunja, a mtundu womwe William Anson ndi John Deeley anatulukira mu 1875.

Nanga Holland & Holland inachokera kuti? Inachokera pa bokosi. Mfutiyi inkagona m'bokosi lachikopa lomwe mkati mwa chivundikiro muli pepala la Holland & Holland. Koma bokosi la mfuti yapamwamba amalipangira mfuti yakeyo, chilichonse chimalowa ndendende. Umu malo a mipope ndi a mainchesi 30, pomwe mipope yathu ndi ya 28, ndipo wina anatsekapo mpatawo ndi kachidutswa ka mkungudza kosema ndi mpeni. Bokosi ndi lenileni, koma linali la mfuti ina.

Nditawafotokozera, achimwene aja anakhala chete kwa kanthawi, kenako anafunsa kuti, "Ndiye kuti bambo ankatinamiza?" Ndinati, "Ayi achimwene, bambo ankawerenga zomwe zalembedwa pa bokosi, ndipo za mtundu wa mfuti sanaphonye. Ndi yamtundu wa Paradox ndithu, kungoti inachokera kusitolo ina."

Kaundula wa ku Glasgow

Army & Navy Co-operative Society inayambitsidwa mu 1871 ndi akuluakulu a asilikali a ku Britain, ndipo sitolo yake inali mu Victoria Street ku London. Inkagulitsa chilichonse chomwe munthu wopita kumaiko a atsamunda angafune, kuyambira tenti mpaka mfuti. Mfutizo sinkapanga yokha. Inkaitanitsa kwa amisiri, makamaka a ku Birmingham, n'kulembapo dzina lake. Mwayi wathu ndi wakuti mabuku ake a mfuti sanatayike. Sitoloyo inadzagulidwa ndi kampani ya House of Fraser, ndipo mabukuwo akusungidwa ku University of Glasgow, komwe amayankha munthu akawatumizira nambala.

Tinatumiza nambala ya kuseri kwa zokhethemulira. Chithunzi cha tsamba chitabwera, mzere wathu unali ndi manambala onse awiri, wa sitolo ndi uja wa pa laisensi. Wopanga anali Webley & Scott, kampani yomwe inabadwa mu 1897 makampani a Webley ndi Scott ataphatikizana. Mipope mainchesi 28, monga tinayezera. Inagulitsidwa nkhondo ya mu 1914 isanayambe, mkati mwa nyengo yomwe zidindo zinaloza, ndipo wogula anali kaputeni wa asilikali.

Tsamba limeneli linathetsanso nkhani ya manambala. Mmisiri wathu analemba kalata yotsimikiza kuti ndi mfuti imodzi, tinaphatikizapo tsambalo, n'kupereka kupolisi kuti m'kaundula wawo mulembedwe bwino.

Dzina la kaputeniyo ndinalisaka mu London Gazette, nyuzipepala ya boma la Britain yomwe makope ake akale ali pa intaneti. Ndinapeza munthu wa dzina ndi zilembo zoyambirira zomwezo atatumizidwa ku gulu la asilikali la King's African Rifles. Apa pamafunika kusamala, chifukwa gulu limeneli, lomwe linakhazikitsidwa mu 1902, linali ndi mabataliyoni ku Kenya ndi ku Uganda komwe. Mndandanda wa asilikali wa zaka zimenezo unamuika mu bataliyoni yoyamba, ya ku Zomba.

Za bwanamkubwa sizinatheke. Pa zaka zimenezo mpando unali wa Alfred Sharpe, kenako William Manning, kenako George Smith kuyambira mu 1913. Achimwene ankakonda dzina la Sharpe, poti analidi mlenje wa njovu asanalowe m'boma, koma palibe pepala kapena chizindikiro chilichonse chomukhudza. Kachitsulo kasiliva ka pa thabwa la paphewa kali ndi zilembo za bwana amene malemu ankamugwirira ntchito pa esiteti.

Kuchoka kwa kaputeni kufika kwa bwana wa pa esiteti pali zaka makumi angapo zopanda pepala. Aliyense amene anafufuzapo mbiri ya Nyasaland ya nthawi imeneyo amadziwa chimodzi mwa zifukwa zake: mu February 1919 maofesi a boma ku Zomba anapsa, ndipo mafayilo ambiri a kumbuyoko anathera pamoto.

Agogo a ku Mulanje

Gawo lomwe ndimalitenga kukhala lofunika kwambiri pa ntchito yonseyi silinachokere m'buku. Malemu ali ndi mng'ono wawo kumudzi, bambo okalamba amene anakulira pa esiteti yomweyo. Ndinawapempha ana kuti asawatumizire chithunzi chilichonse cha mfutiyo ndiponso asawauze za ku Glasgow. Munthu akaona chithunzi kaye, amakumbukira chithunzicho, ndipo umboni wake umachepa mphamvu.

Tinalankhulana pa WhatsApp, pa foni ya mdzukulu wawo. Titapepesana za maliro, ndinati, "Agogo, mfuti ija achimwene anu ankasamala kwa bwana, mungaizindikire bwanji mutaipeza pakati pa zinzake?" Sanachedwe. Anati ili ndi bala pakhosi. Inagwa m'galimoto pa msewu wa ku Likhubula, thabwa linang'aluka pogwirira, ndipo kalipentala wa pa esiteti anamata n'kubaya timisomali tiwiri ta mkuwa. Anatinso pamsana pake pali timakutu tiwiri toimika ndi chala.

Mfuti inali patebulo pambali panga. Timisomali ta mkuwato ndinali nditatiwona kale pansi pa litsiro la m'mizere ya pogwirira, mitu yake yaing'ono kwambiri, moti ana a malemu sanatidziwe n'komwe. Ndinatembenuza foni kuti agogo aone. Anaomba m'manja kamodzi, nati, "Ndi yomweyo."

Ndinafunsa kuti bwana anaitenga kuti. Anati bwanayo ankanena kuti inachokera ku Zomba, kwa asilikali. Sanatchule bwanamkubwa. Apa ndi pamene ndikuona kuti nkhani inakulira: Zomba kunali likulu, ndipo pakamwa pa ana ndi adzukulu, mfuti ya ku Zomba inasanduka ya bwanamkubwa. Koma taonani kuti agogo, osadziwa kanthu za kaputeni wathu, analoza malo omwewo ndi anthu omwewo amene mabuku a ku Britain analoza.

Mkango nawo unasintha. Anali kambuku amene ankagwira mbuzi kukomboni ya antchito. Anaomba ndi bwana, malemu atanyamula nyali. Koma nguluwe zoononga chimanga cha antchito ankaomba ndi malemu, ndipo kupukuta mfuti ikabwera kutchire inali ntchito yawo kuyambira ali mnyamata.

Mawu onsewa tinawalemba m'Chichewa, mdzukulu anawawerengera agogo, anakonza pawiri pomwe tinasokoneza mayina a malo, kenako anakalumbira pa boma ku Mulanje. M'sutikesi ya malemu munapezekanso chithunzi cha m'zaka za m'ma 1950, malemu ataima pakhonde atanyamula mfuti. Pa galasi lokulitsa timasamba tochalira tija tikuoneka. Munalinso kalata yotayipa ya mkazi wa bwanayo, yopereka mfuti kwa malemu mwamuna wake atamwalira, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Laisensi yobiriwira ija inatsatira kalata imeneyi. Nthawi ya tsankho isanayambe kutha, kunali kovuta kwambiri kuti munthu wakuda apatsidwe laisensi ya mfuti.

Pali chizolowezi pa ntchito yathu chomwe sindigwirizana nacho. Polemba mbiri ya mfuti, dzina la kaputeni amene anaigwira zaka zochepa limakhala pamwamba ndi zilembo zazikulu, pomwe munthu wakuda amene anaisamala moyo wake wonse amangotchedwa wantchito, kapena satchulidwa n'komwe. Mfuti zambiri za msinkhu umenewu zimabwera kusitolo kwathu zitadyeka m'kati, chifukwa zipolopolo zakale zinkasiya mchere wodya chitsulo, ndipo chinyezi cha ku Mulanje sichikhululukira chitsulo chosiyidwa usiku umodzi chosapukuta. Iyi mizere yake ikadali yakuthwa. Ndi manja a malemu amenewo. Mu lipoti langa dzina lawo lili pa mzere wakewake, ndi zaka zomwe anaisamala isanakhale yawo komanso zomwe inali yawo.

Mmene ndinasanjira umboni

Lipoti lopita kwa loya ndinaligawa molingana ndi kulimba kwa umboni. Zotsimikizika ndi mapepala kapena chitsulo: kumene inapangidwa, amene anaipanga, sitolo, wogula woyamba, kuchoka kwa mkazi wa bwana kupita kwa malemu. Zodalira lumbiro la mboni yomwe inaona ndi maso, mothandizidwa ndi chithunzi ndi timisomali tija: kuti mfutiyi inali pa esiteti ku Mulanje m'zaka za m'ma 1950. Zooneka kuti n'zoona koma zopanda pepala: kuti kaputeni anabwera nayo ku Zomba n'kuisiya konko. Za Holland & Holland, bwanamkubwa ndi mkango ndinazilemba ngati nkhani ya m'banja, ndi kufotokoza kumene chilichonse chinachokera. Wogula wodziwa zinthu akapeza bodza limodzi mu lipoti, amakayikira ndi zoona zomwe.

Pa mtengo ndinanena mosapsatira. Paradox ya Holland & Holland ikanapita ndalama zochuluka kwambiri kuposa iyi. Komabe iyi si chifefe wamba. Mfuti zoombera machaka ndi chipolopolo chimodzi zinapangidwa zochepa, zambiri mizere yake inafufutika kapena anazidula kukamwa, ndipo yokhala ndi tsamba la kaundula ndi mboni yamoyo sipezekapezeka. Bala la pakhosi limatsitsa mtengo pang'ono. Achimwene anafunsa ngati kupala thabwa ndi sandipepala n'kupaka vanishi kungathandize. Ndinawaletsa kwambiri, chifukwa zimenezo zimagwetsa mtengo kuposa bala, ndipo zingafufute umboni womwe agogo analumbirira.

Mmisiri wathu anayeza zipinda za zipolopolo. Ndi za mamilimita 65, pomwe zipolopolo zambiri za m'masitolo lero ndi za 70. Choopsa n'chakuti cha 70 chimalowa bwinobwino mfuti n'kutsekeka, koma poomba kukamwa kwake kumatambasukira pamalo opanikiza ndipo mphamvu imakwera. M'kabati ya malemu munali paketi ya zipolopolo za 70 yosatsegula, ndipo tinaichotsa. Makoma a mipope akadali okhuthala kuposa malire omwe amisiri amavomereza, koma ndinalemba kuti isaombedwe ndi machaka achitsulo, ndiponso isaombedwe konse thabwa lapakhosi lisanaonedwe mkati.

Kumene nkhani ili pano

Achimwene a ku Limbe sangapatsidwe laisensi kuno. Chiphaso chosonyeza kuti munthu ndi woyenera kusunga mfuti chimaperekedwa kwa wazaka 21 kapena kuposa, yemwe ndi nzika kapena ali ndi chilolezo chokhala m'dziko muno mpaka kale. Kuitumiza ku Malawi n'kotheka, koma pamafunika chilolezo cholowetsera cha apolisi a ku Malawi, kenako chotulutsira cha kuno pa fomu ya apolisi ya SAPS 520. Pa basi yodzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza ndiye pakanafunikanso zilolezo za Zimbabwe ndi Mozambique. Kuibisa m'katundu ndinawauza kuti asakuganizire n'komwe.

Banja linakambirana, agogo ali pa foni, ndipo linagwirizana kuti mfuti ikhale ndi achemwali konkuno, achimwene alandire gawo lawo pa mtengo womwe ndinalemba. Mayiwo sakufuna kusaka nyama, choncho ndinawalangiza kuti asapemphe laisensi ya ulenje pongofuna njira yachidule. Akupempha pa gawo 17 la lamulo la mu 2000 lija, la osunga mfuti za mbiri, lomwe limafuna kuti munthu akhale membala wa bungwe lovomerezeka, ndipo bungwelo livomereze kuti mfutiyo ndi yoyenera kusungidwa. Lipoti lathu ndi lomwe apereka kumeneko. Ayamba maphunziro a lamulo ndi kagwiridwe ka chifefe, ndipo akamaliza adzapereka fomu ya SAPS 517 yopempha chiphaso chija ndi ya SAPS 271 yopempha laisensi.

Talembera ku National Archives ku Zomba ndi ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House, kupempha kuti ationere mayina awiri aja m'makope akale a Nyasaland Times ndi m'gazeti ya boma, makamaka pa zotsatsa za katundu wa asilikali obwerera kwawo. Chikapezeka chidzawonjezedwa ku lipoti ngati tsamba lapadera. Pakadali pano mfuti ili m'kabati ya sitolo yathu, ndipo idzatuluka laisensi ya mayiwo ikadzafika ndi kabati ya kunyumba kwawo ikadzayenderedwa ndi apolisi.